Njala ya M'botolo

A Faines anaika mbale ya phala patebulo mwaukali moti supuni inagwa pansi. Linali tsiku lachinayi amuna awo, a Elifala, akungoyang'ana kukhoma, osalawa kanthu chitulukireni m'chipatala ku Mtengowanthenga.

Anaimbira foni mwana wawo Chikhumbo, amene amachita kafukufuku ku yunivesite.

"Iwe, paja unati kuntchito kwanu kuli mankhwala oyambitsa njala?"

"Eya amayi, amauza ubongo kuti nthawi yodya yakwana. Koma athuwa timangobaya mbewa zoyera. Pa munthu sitinawayesepo."

"Bwera nawo."

"Sindingathe, amayi. Akhoza kuwapweteka bambo."

A Faines anasuzumira kuchipinda. Lamba wa a Elifala anali lende pachitseko, ali ndi mabowo awiri atsopano oboola ndi msomali.

"Zaka zonsezi kusukulu, kuti uziphunzitsa mbewa kudya? Zakunozi zandithera mtedza m'munda popanda jakisoni! Dowa yense akulira njala. Woifuna ndine ndekha, ndiye mwana wanga waitsekera m'botolo."

Anadula foni, natola supuni ija, kuipukuta pachitenje, n'kulowanso kuchipinda.