Mwana Wobwereka

"Amake Given, ndibwerekeniko mwana, ndipite naye kusikelo," anatero Kettie, maso ali pansi.

Mayi woyandikana naye nyumbayo sanafunse kanthu. Anamasula mwana kumsana n'kumupatsa, ndi khadi lomwe.

Kumudzi kwawoko, kufupi ndi Sinda, mkazi wolowera kuchipatala wopanda mwana kumbuyo amafunsidwa njira yonse chimene akudwala. Kettie akanayankha chiyani? Kuti dzana mlamu wake anamugwirira m'munda wa thonje? Anali atamva pa wailesi kuti mankhwala oteteza ku kachilombo amayenera kuyambidwa masiku atatu asanathe, ndipo limeneli linali tsiku lomaliza.

Pamzere ankangolola anzake kumudutsa mpaka anatsala yekha. Nesi anayang'ana khadi, kenako anayang'ana Kettie.

"Mwanayu ndi wanu, amayi?"

"Ndi wa anzanga," ananong'ona. Anayamba kumanga chitenje kuti azibwerera.

Nesi anadzuka n'kukankha chitseko mpaka chinatsekeka.

"Khalani pansi, mundiuze tsiku limene zinachitika, tiyambe mankhwala. Given tinamuyeza kale sabata yatha. Ndinu wachitatu kubwera naye mwezi uno."