Botolo la M'munda wa Chakufwa

"Chotsani mantha muone ngati mutsale ndi m'bale," ankatero Chakufwa pa Uliwa, paliponse pomwe wapeza makutu aulere. "Munthu saba chifukwa choopa basi. Onani munda wanga. Ngakhale mbuzi imaulambalala itatsinzina."

Mlonda wa mundawo linali botolo lakuda, lomangidwa kansanza kofiira pakhosi, lopachikidwa pamtengo pakati pa chinangwa. Ankati adakalitenga kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ndipo wozula ngakhale phata limodzi adzazungulira m'mundamo mpaka mwini wake amupeze. Zoona zake, m'botolomo munali tiyi wopanda shuga. Chomwe chinkamudabwitsa mwini wakeyo n'chakuti dzuwa lonse la Karonga lija silinkamuumitsa tiyiyo.

Chaka chino madzi adakokolola mpunga wa mudzi wonse. Chidatsala ndi chinangwa cha Chakufwa chokha, ndipo anthu podutsa ankameza malovu. Mkazi wake Anne atagonekedwa m'chipatala ku boma, iye adapita kukamudikirira, thupi kuchipatala, mtima pabotolo.

Tsiku lobwerako adatsika minibasi n'kulunjika kumunda, mvula ikuwaza. Atafika adamwaza maso. Munda wonse unali mbee. Maenje okhaokha odzaza madzi, mitengo ya chinangwa itaunjikidwa pambali. Botolo panalibe.

Adakhala pansi m'matope momwemo. Anne amatuluka mawa lake, ndipo anamwino adanenetsa kuti mankhwala akewo samwera m'mimba yopanda kanthu. Akamupatsa chiyani? Mbuzi adagulitsa kale. Njinga idapita. M'nyumba mudatsala mchere wokha.

"Si ndinkanena," adadziuza yekha. Aka kanali koyamba kuti kulondola kumuwawe chonchi.

Wakuba sadavute kumuganizira. Tusekile, mkazi wa malemu mkulu wake, yemwe ana ake ankagonera mango owiritsa. Ndi yekhayo amene ankati akamva za botolo amangoyang'ana kumbali, osanjenjemera ngati anzake. Pakanjira panali mapazi ambiri, a akulu ndi a ana, ndi timizu ta chinangwa togwa m'madengu. Mudzi wonse udachita kuitanizana.

Chakufwa adatola mpini womwe akubawo adaiwala n'kutsata mapaziwo, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Zoti akamangidwa sadaziwerengere. Apolisi akamudyetsa iye, nanga Anne?

Mapazi adafika pakhomo pa Tusekile, koma sadalowe. Adapitirira, adadutsa panthochi, n'kukhotera kuseri kwa nyumba ya Chakufwa yemwe.

Kumeneko, pansi pa chisakasa chatsopano, panali mathandala odzaza chinangwa chosenda kale, china chili m'migolo chikuviikidwa. Tusekile, wowonda ngati bango, ankatembenuza makaka. Botolo linali pakhonde.

"Mwabwera, alamu? Odwala ali bwanji?" adafunsa, maso ali pampini uja. "Madzi adalowa m'munda, chikadaola chonse. Ndiye tidakuzulirani. Kawerengeni maenje ngati mukufuna."

Chakufwa adaloza botolo.

"Ilo? Likufuna tiyi wina," adatero Tusekile akukutumula manja. "Akauma timathiramo mosinthana, sabata ino ndi ya anansi anu, a Yotamu. Tinkaopa kuti mungachite manyazi."