Mbande pa Galasi la Foni

"Ndagulitsa," anatero Godknows, maso ali pa foni.

Lestina anaika kheni yothirira pansi, pakati pa mabedi a nazale ya fodya. Anayang'ana mwamuna wakeyo ngati akuona chinthu chowola.

Lolemba munthu yemweyu anapha nkhuku n'kumauza komboni yonse kuti kripto yake, ndalama ya pa intaneti ija, yakwera mtengo, mbuzi zitatu zomwe anagulitsa ku Karoi kuti aigule zisanduka malata. Lero Lachinayi, mzere wa mtengo pa foni wangofiira m'mawa umodzi, basi wataya zonse pamtengo wa mbuzi ziwiri.

"Imagwatu, mai a Kudzai. Pagulu lathu la pa foni aliyense amati thawani."

Foni inalira. Mzere uja unali utabiriwira. Nkhope ya Godknows inawala ngati ya Lolemba lija.

"Aa, yayambanso kukwera! Ndigulenso. Kodi njinga yathu ija angatigule zingati?"

Lestina analavula malovu pambali. Anawerama, nazula mbande imodzi ya masabata atatu, n'kuifikitsa pamphuno pa mwamunayo.

"Taonani. Kuyambira m'mawa sinakule." Anazula ina. "Iyinso ayi. Tiyeni tizule zonse, bambo a Kudzai, tithawe."

"Mwapenga? Foromani akaona ntchito itithera! Fodya amafuna miyezi, sakula tsiku limodzi!"

Lestina anakanikiza mbandeyo pagalasi la foni mpaka matope anaphimba mzere wonse.

"Oo," anatero, akutola kheni yake. "Kani mumadziwa."