Magolovesi Awiriawiri

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi wina wokolopa m'chipatala, basi itatifera panjira.

Akuti kunali mayi wotsuka mbale pahotela, yemwe manja ake ankangotuluka zidzolo.

"Ndi sopo ameneyo," anatero akapitawo. "Muzivala magolovesi awiriawiri, mayi. Mukavula, ntchito yatha."

Mayiyo anavala. Pasanathe mphindi khumi milomo inatupa, mpweya ukulira m'chifuwa ngati mluzu. Anagwira pakhosi, mbale phwaa pansi!

Akapitawo atathamangira naye kuchipatala, namwino anavala magolovesi a mphira n'kumuyandikira. Mayiyo analizindikira fungolo: linali la magolovesi a kuntchito aja. Mawu anakana kutuluka, ndiye anangokankha dzanja la namwinoyo n'kumuonetsa manja ake.

"Agwireni, akuvuta awa!" anatero akapitawo.

"Taimani kaye," anatero namwino.

Namwino anayang'anitsitsa. Zidzolo zinalekezera pamkono, penipeni polekezera golovesi. Anavula ake msangamsanga, n'kusamba, n'kumubaya jakisoni. Pang'onopang'ono mpweya unabwerera.

"Thupi lawo limadana ndi mphira. Wawaveka awiri ndani?"

Akapitawo anangoyang'ana kudenga.

Akuti magolovesi opanda mphira analipo pahotelapo, ankawasungira tsiku lobwera oyendera zaukhondo. Akutinso akapitawo anapepesa. Apo pokha ndiye ndikukayika.