Mchenga Woyera ku Kasina

"Mwanama, bambo a Faith. Ku Mayani kulibe mchenga woyera chonchi."

Ndinawatambasulira chikhatho. Mchengawo ndinaupeza m'thumba la thalauza lawo pamene ndimati ndiliviike m'beseni. Kuno ku Kasina dothi ndi lofiira, lomata. Uwu umayoyoka m'zala ngati shuga.

Amuna anga anangopitiriza kupolisha nsapato. Anachokapo masiku atatu, ati kumsonkhano wa aphunzitsi ku Mayani.

Pakhoma pakadali kalendala ya chaka cha referendamu, chaka chimene tinakwatirana. Sindinaichotse chifukwa cha chithunzi chake: kamudzi ka m'mbali mwa nyanja, mabwato atatu, alendo atagona pamchenga. "Holide ikubwerayi ndikutengera kumeneko," ankatero. Maholide khumi ndi awiri adutsa, ine ndili kudimba la kachewere, zala zitauma ndi chisanu.

"Anasintha malo a msonkhano," anatero osadzutsa mutu. "Usayambe, Alile."

Mphamvu zokalipa ndinalibe. Ndinalowa kuchipinda n'kutsegula sutikesi. M'menemo ndinkasungamo chitenje chabuluu chimene ndinagulira ulendowo, chosavalidwapo n'kamodzi komwe. Ndimafuna ndingochivala tsopano, ndizilimira nacho, chithe.

Ndinachipeza pamwamba, chopindidwa mosiyana ndi mmene ndimapindira ine, chili ndi chinyezi. Nditachikutumula, mchenga unawazika pasimenti.

Ndinatuluka nacho n'kuchiika pa nsapato zawo.

"Inu nyanja mwaiona, palibe kanthu. Chitenje changa nachonso chaiona, ine ndili pano. Dzutsani mutu mundiyankhe, a Linus. Anachivala ndani?"