Batire Lachiwiri la a Blasius

Panali munthu wina wa ku Balaka, a Blasius, ndipo wondiuza nkhaniyi akulumbira kuti inachitikadi m'zaka za m'ma 1980. Kuntchito kwawo ankayesa ngati mawayilesi otumizirana mauthenga angalumikize Balaka ndi madera akutali. A Blasius anatumizidwa ku Chiuta okhaokha, akazi awo a Martina n'kutsala ali oyembekezera.

Bwana wawo, a Hamadi, anawapatsa wayilesiyo, mlongoti, sola ndi mabatire awiri.

"Lachiwirili musalikhudze, ndi la nthawi ya mitambo," anatero a Hamadi. "Kumvetsera sikudya moto. Chimadya moto n'kuyankhula."

"Ndamva, bwana," anayankha a Blasius, maganizo ali kwina.

Ku Chiuta anasungulumwa koopsa. Asodzi ankacheza m'Chiyao, iwo n'kumangoseka nawo osatolapo kanthu. Akabwerera kunyumba kunali zii. Ndiye analumikiza kawayilesi kawo ka nyimbo ku batire loletsedwalo, kuti m'nyumba muzimvekako mawu a munthu. Ine sindiwaseka ayi, kukhala wekha kumawawa, koma anauzidwa.

Kunabwera mvumbi, dzuwa osaoneka. Batire loyamba linafooka. Atalumikiza lachiwiri anapeza kuti nyimbo zinalimaliza kale.

M'mawa wina mawu a bwana Hamadi anamveka pawayilesi.

"A Blasius, mukundimva? Mayi akunyumba ali kuchipatala, zinthu sizili bwino, akukuitanani. Ngati mulipo yankhani, titumize galimoto."

"Ndilipo, bwana! Tumizani!"

"A Blasius?"

A Blasius anakuwa mpaka mawu kusasa, koma ku Balaka sikunafike kanthu. Kenako anamva a Hamadi akuuza wina kuti, "Sakuyankha, ndiye kuti kulibe. Galimoto isalowe m'matope pachabe."

A Blasius anayenda wapansi mpaka ku Nayuchi, n'kupeza sitima itapita. Anadikira ina pasiteshoni ali yekhayekha. Pofika ku Balaka anapeza a Martina ataikidwa kale, ndipo mwana naye sanakhale moyo.

Apongozi awo sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Mwana wanga ankakuitanani, uthenga sunakupezeni?"

"Unandipeza, mayi," anatero a Blasius. "Ndinamva zonse."

Phunziro: Odziwa ntchito akakuuza kuti chipangizo ichi n'chosungira tsiku la mavuto, chisiye, ngakhale chikuoneka ngati chikungokhala. Samvamkunkhu anamva nkhwangwa ili m'mutu. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka abale anu amene akugwira ntchito kutali okhaokha.