Eni Doko

Azungu a ku Cuamba atamanga nyumba yopumulirako m'mbali mwa nyanja ya Amaramba, anadula mlambe wa padoko pathu, pomwe panagona makolo athu, n'kuikapo sipayi, msilikali wawo wotithamangitsa.

Nditabwera kutchuthi kuchokera kusukulu ya mishoni ku Massangulo, bambo anati nkhafi yawo inatsala kudoko kuja, ndipo popanda iyo mawa sitidya. Ndinapita kutada.

Mlambe uja ndinaupeza uli chiimire.

Patsinde pake panakhala mayi wina akusoka ukonde popanda nyale, nkhafi ili pamiyendo.

"Bwerera, mwanawe," anatero osadzutsa mutu. "Pano pali eni."

Ine amene ndimachita chibwibwi pamaso pa apadiri, mawu anangotuluka okha.

"Mayi, eni ake ndife. Azunguwo anatipeza. Ndipatseni nkhafi ya bambo anga, apo ayi sindichoka."

Anasiya kusoka.

"Wanena wekha kuti ndiwe mwini?"

"Ndanena."

Anasendera pang'ono n'kusalaza dothi ndi chikhatho pambali pake, malo aatali ngati msinkhu wanga.

"Mwamva nonse," anatero akuyang'ana kumbuyo kwanga.

Sindinacheuke. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse nkhafiyo.